Mayina a atsogoleri a sukulu zaukachenjede pa nyumba za boma

Kutcha nyumba ya boma dzina la munthu amene adamwalira ndi njira imodzi imene mtundu umathokozera ntchito yake. Chipatala, bwalo la masewero, holo ya misonkhano kapena nyumba yowerengeramo mabuku imapatsidwa dzina, dzinalo limalembedwa pachipata, ndipo kuyambira tsiku limenelo limalowa m'makalata a boma, m'nkhani za pawailesi ndi m'kamwa mwa anthu ofunsa njira. Ena mwa anthu amene amalandira ulemu woterewu ndi atsogoleri a sukulu zaukachenjede. Ku Malawi nkhani yawo ili ndi kamfundo kake, chifukwa amene amatchedwa mutu wa yunivesite ya boma si amene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku, ndipo mayina amene afika pazipata zikuluzikulu ndi a oyambawo.

Munthu wokhala ku Chilinde, dera limene pamapu a mzinda wa Lilongwe ndi Area 21, sayenda mtunda wautali asanakumane ndi dzina lotere. Chakufupi ndi Kawale kuli Kamuzu Institute for Sports. Wodwala amene matenda ake akufuna madokotala aakulu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, ndipo pafupi ndi chipatalacho pali sukulu ya anamwino imene kuyambira 1979 inkatchedwa Kamuzu College of Nursing, imene lero ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Wokonda mpira amakwera minibasi kupita ku Bingu National Stadium ku Area 48, pomwe misonkhano ikuluikulu imachitikira ku Bingu International Convention Centre ku City Centre. Eni mayina awiriwa, Dr Hastings Kamuzu Banda ndi Pulofesa Bingu wa Mutharika, onse adamwalira, ndipo aliyense pa nthawi yake adali Chansala wa University of Malawi. Adavala mkanjo wa udindowo, adapereka madigiri m'manja mwa ophunzira, ndipo mawu awo ankatha kutsegula kapena kutseka koleji.

Mwambo wosunga dzina la munthu pamalo sudabwere ndi azungu. Chichewa chenichenicho chimaulula zimenezi ndi kamawu kakang'ono kakuti "kwa". Anthu amati akupita kwa Chinsapo, kwa Biwi, kwa Mgona, monga mmene amanenera kuti akupita kwa malume awo, chifukwa malowa amadziwika ndi mayina a anthu amene midzi yawo idalipo mzinda usanakule. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975, okonza mzinda adagawa malo ndi manambala, koma manambalawo sadafafanize mayina akale. Kawale ndi Area 7, Biwi ili mu Area 8, Chinsapo ndi Area 57, koma kondakitala amene angaitanire anthu ndi manambala amenewa angachoke pasiteji minibasi ili yopanda munthu. Kumudzi dzina la mfumu silifa ndi mwini wake. Wolowa ufumu amalowanso dzina, ndipo mwana wobadwa m'banja amatchedwa dzina la agogo ake amene adatsogola kuti lisatayike. Banja limamanga chiliza, limaitana abale kumwambo wokumbukira malemu, ndipo pamenepo mbiri ya munthuyo imanenedwa pamaso pa ana amene sadamuone. Nyumba ya boma yotchedwa dzina la malemu ndi chiliza cha mtundu wonse. Kusiyana kwake ndi kwakuti chiliza cha kumanda chimamangidwa ndi abale amene amagwirizana za munthuyo, pomwe nyumba ya boma imamangidwa ndi msonkho wa onse, omukonda ndi amene adalira chifukwa cha iye.

Maudindo a pa yunivesite amafuna kuwamasulira bwino. M'mayiko amene adatengera dongosolo la maphunziro la ku Britain, yunivesite imakhala ndi Chansala, amene ndi mutu wa ulemu, ndiponso Vaisi Chansala, amene ndiye mwini ntchito: amayang'anira aphunzitsi, ndalama, mayeso ndi mwambo wa ophunzira, ndipo amayankha ku khonsolo ya yunivesite. Koleji iliyonse ya pansi pa yunivesite inkakhalanso ndi mkulu wakewake. Ku America wogwira ntchito ya Vaisi Chansala kawirikawiri amatchedwa pulezidenti wa yunivesite, ndipo ndi chizolowezi kumeneko kuti akamwalira kapena akapuma, holo kapena nyumba ya mabuku imatchedwa dzina lake. Ku Malawi udindo wa Chansala udayamba ndi mtsogoleri wa dziko ndipo wakhala ukuyenda ndi mpando umenewo. Nchifukwa chake kuno nkhani ya dzina la mkulu wa yunivesite siyilekana ndi ndale.

University of Malawi idakhazikitsidwa mu Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko litalandira ufulu, ndipo maphunziro adayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira 90. Koleji yoyambayo idatchedwa Chancellor College, kulemekeza udindo umene Dr Banda adali nawo. Limeneli lidali dzina la mpando osati la munthu, ndipo mwina nchifukwa chake lidapyola m'maboma angapo osakhudzidwa kufikira 2021. Pofika 1967 yunivesite idali itatenga Bunda College, Polytechnic, Soche Hill College ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Chirunga mu Zomba, Soche Hill ndi Mpemba zitalowa m'kati mwake. Kamuzu College of Nursing idabwera mu 1979 ndipo College of Medicine idatsegulidwa mu 1991. Zonsezi zidachitika Dr Banda ali Chansala, ndipo palibe wolemba mbiri woona mtima amene angakane kuti adaikapo mtima pa maphunziro apamwamba. Sukulu yake ya Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene idatsegulidwa mu 1981, ndi umboni wina.

Mayina ambiri a Kamuzu sadadikire imfa yake. Adaikidwa iye ali moyo ndiponso ali pampando, pa nthawi imene munthu wofunsa chifukwa chake akadagona m'chitokosi. Chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 1977 ndi dzina lake, bwalo la ndege la ku Lumbadzi lidayamba ntchito mu 1983 ndi dzina lomwelo, ndipo lidafikanso pa damu limene limamwetsa mzinda, pa malo a asilikali, pa milatho ndi pa misewu. Yunivesite imene iye adali Chansala wake idali ndi mabala akeake. Mu Seputembala 1987 Jack Mapanje, mlakatuli yemwenso adali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College, adamangidwa ndi kusungidwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira mu 1991. Aphunzitsi ena adathawira kunja, ena adachotsedwa ntchito. Kunja kwa mpanda wa yunivesite kudali imfa za ku Mwanza za mu Meyi 1983, pamene nduna Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala pamodzi ndi phungu David Chiwanga adaphedwa, ndiponso imfa ya Orton Chirwa m'ndende ya Zomba mu 1992. Kwa mabanja amenewa dzina la pachipata cha chipatala silidali chithokozo.

Boma la a Bakili Muluzi litalowa mu 1994, mayina ena adatsitsidwa. Kamuzu Central Hospital idakhala Lilongwe Central Hospital, bwalo la ndege lidakhala Lilongwe International Airport, Kamuzu Stadium ya ku Blantyre idakhala Chichiri Stadium, ndipo msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe udapatsidwa dzina la Masauko Chipembere, mmodzi mwa nduna zimene zidasemphana ndi Dr Banda mu 1964. Sukulu ya anamwino idasunga dzina lake. Dr Banda adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 ndipo adaikidwa ku Lilongwe. Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 adabwezera dzina la Kamuzu pa chipatala, pa bwalo la ndege ndi pa bwalo la masewero, ndipo mu Meyi 2006 adatsegula chiliza chachikulu pamanda ake, kufupi ndi pamene pali nyumba ya malamulo lero. Apa mpamene tingati dzinali lidaikidwa monga ulemu kwa malemu, pakuti mwini wake sadalinso ndi mphamvu yolamula. Bwalo la ku Blantyre lija lanyamula mayina atatu: poyamba linkatchedwa Rangeley Stadium, pokumbukira William Rangeley, bwana wa boma la atsamunda amene adalembanso za mbiri ya mitundu ya anthu a m'dziko muno, kenaka Kamuzu, kenaka Chichiri, nkubwereranso ku Kamuzu. Nthawi iliyonse zikwangwani zidapentedwanso, zidindo zidasemedwanso, mapepala a m'maofesi adasindikizidwanso, ndipo ndalama zake zidachokera m'thumba lomwe limagulira mankhwala.

Ulemu waukulu wa Dr Banda monga munthu wa maphunziro udabwera mochedwa. Pa 4 Meyi 2021 University of Malawi idagawidwa patatu. Chancellor College idatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic idakhala Malawi University of Business and Applied Sciences, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Mwa mayina onse a Kamuzu, limeneli ndilo likugwirizana kwambiri ndi moyo wa mwini wake, popeza iye adali dokotala amene adaphunzira ku Meharry Medical College ku America ndi ku Edinburgh, ndipo adachiza anthu ku Britain ndi ku Ghana asanabwerere kwawo mu 1958. Dzina likakhala pa nyumba imene ntchito yake ikufanana ndi imene malemu ankagwira, mwana wofunsa amapeza yankho lomveka.

Nkhani ya Bingu wa Mutharika ndi yaifupi koma ili ndi mbali ziwiri zomwezo. Adamwalira ali pampando pa 5 Epulo 2012. Nyumba ya misonkhano ya ku City Centre, imene idamangidwa ndi ngongole ya ku China, inkayembekezeka kulandira msonkhano wa atsogoleri a African Union mu Julayi chaka chomwecho, koma msonkhanowo udasamukira ku Addis Ababa boma la mayi Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan. Bwalo la masewero la ku Area 48, lolowa anthu oposa 40,000, lidatsegulidwa mu Januwale 2017 ndi mng'ono wake, Pulofesa Peter Mutharika, amene panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko. Pa 6 Julayi chaka chomwecho anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa poponderezana pachipata cha bwaloli pa chikondwerero cha ufulu. Dzina la malo limasenza zonse zochitika pamalopo, zokoma ndi zowawa, ndipo m'makomo ena a mu Lilongwe dzina la bwaloli limakumbutsa tsiku limenelo.

Pa za maphunziro apamwamba, Bingu adasiya ntchito zooneka. Lamulo lokhazikitsa Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources lidadutsa mu 2011, ndipo Bunda College idatuluka mu University of Malawi chaka chotsatira. Malawi University of Science and Technology, imene idalandira ophunzira oyamba mu 2014, idali maganizo ake, ndipo limodzi mwa magawo ake limatchedwa Bingu School of Culture and Heritage. Anthu a ku Lilongwe amakumbukiranso kuti yunivesite imeneyi poyamba inkayenera kumangidwa kwawo, koma idapita ku Ndata m'boma la Thyolo, kumunda kwa Bingu, kumenenso kuli manda ake. Komanso ndi pa nthawi ya uchansala wake pamene padabuka mkangano wa ufulu wa aphunzitsi. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitana Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Aphunzitsi a pa Chancellor College adaleka kuphunzitsa, anayi adachotsedwa ntchito, ndipo koleji idakhala yosayenda pafupifupi miyezi isanu ndi itatu kufikira atabwezeretsedwa mu Okutobala. Wophunzira amene adataya chaka pa nthawi imeneyo ndi mlimi amene adakolola chimanga chochuluka ndi feteleza wa makuponi pa ulamuliro wa Bingu amawerenga dzina limodzi pachipata, koma samva chinthu chimodzi.

Tsono amene adaiyendetsa yunivesite ndi manja awo ali kuti? Vaisi Chansala woyamba adali Ian Michael wa ku Britain, amene adagwira ntchitoyo kuyambira 1964 mpaka 1973, kuchokera pamene kudalibe ngakhale kalasi imodzi kufikira koleji itasamukira ku Zomba. David Kimble, amene adaphunzitsapo ku Ghana ndi ku Tanzania, adatenga udindowo mu 1977 ndipo adakhalapo zaka pafupifupi khumi. Mmalawi woyamba pampandowo adali Pulofesa Brown Chimphamba, yemwenso adatsogolera bungwe loyendetsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, imene anthu adasankhira ndale za zipani zambiri. Mayina amenewa amadziwika kwa amene adadutsa pa yunivesite, koma sali m'kamwa mwa oitanira minibasi kudepoti, ndipo mwana wa fomu 4 wa pa Chipasula Secondary School akhoza kumaliza sukulu osawamvapo.

Wodziwika kwambiri kunja kwa dziko mwa onsewa ndi David Rubadiri. Adabadwa mu 1930, adaphunzira ku King's College Budo ndi ku Makerere m'dziko la Uganda, kenaka ku Cambridge. Adamangidwa ndi boma la atsamunda pa nthawi ya chipwirikiti cha 1959. Ufulu utabwera adakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, koma mu 1965 adatula pansi udindo posagwirizana ndi ulamuliro wa Dr Banda, ndipo adakhala kunja zaka pafupifupi makumi atatu. Adaphunzitsa ku Makerere, ku Nairobi, ku Ibadan ndi ku Botswana, ndipo ndakatulo zake zidawerengedwa m'sukulu za mayiko ambiri a mu Africa pa nthawi imene kwawo dzina lake silinkatchulidwa mokweza. Adabwereranso ku United Nations monga kazembe mu 1997, ndipo mu 2000 adakhala Vaisi Chansala wa University of Malawi. Adamwalira ku Mzuzu pa 15 Seputembala 2018 ali ndi zaka 88. Moyo wa munthu ameneyu uli ndi zonse zimene dzina la pa nyumba ya mabuku kapena holo ya zisudzo limafuna: adali mphunzitsi, adali mlembi, adamangidwapo chifukwa cha ufulu, ndipo adasiya mpando wa ulemu pamene chikumbumtima chidamuletsa kukhalapo. Dziko limene limalemba mayina a ochita ndale okha pazipata zake limaphunzitsa ana ake, mosanena, kuti njira ya ulemu ndi imodzi basi.

Chitsanzo chooneka cha mkulu wa koleji amene anzake adamukumbukira ndi nyumba chili ku Blantyre. Pa malo a College of Medicine, amene lero ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, pali John Chiphangwi Learning Resource Centre. Malemu Pulofesa John Chiphangwi adali dokotala wa matenda a amayi ndi uchembere pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo adali mmodzi mwa amene adalimbikira kuti Malawi akhale ndi sukulu yakeyake ya madokotala. Kale wofuna udokotala ankapita kunja, ndipo ambiri sankabwerako. Kuyambira cha m'ma 1986 ophunzira ankatumizidwa ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa kukayamba maphunziro, ndi cholinga choti adzamalizire kwawo. Koleji itatsegulidwa mu 1991 idayamba ndi Pulofesa Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia monga mtsogoleri, ndipo Chiphangwi ndiye Mmalawi amene adadzaitsogolera pambuyo pake. Adagwiranso ntchito ndi akatswiri a Johns Hopkins University pa kafukufuku wa kachilombo ka HIV pakati pa amayi oyembekezera ndi ana awo, pa zaka zimene ambiri ankaopa ngakhale kutchula matendawo. Nyumba ya dzina lake ndi malo ophunzirira ndi kusonkhanira, kotero dzinalo limatchulidwa ndi ophunzira udokotala tsiku lililonse, ndipo palibe boma limene lidaganizapo zolichotsa, chifukwa silidaikidwe pofuna mavoti.

Mayiko oyandikana nawo ali ndi zitsanzo zawo. Pa University of Zambia mu Lusaka pali timadamu todziwika kuti Goma Lakes, pamene ophunzira amapumulira ndi kuwerengera. Dzinali ndi la Pulofesa Lameck Goma, katswiri wa sayansi ya zamoyo wochokera ku Lundazi m'chigawo cha kum'mawa, amene adali Mzambia woyamba kukhala Vaisi Chansala wa yunivesiteyo. Mu mzinda womwewo muli Levy Mwanawasa Medical University, yokumbukira mtsogoleri amene adamwalira ali pampando mu 2008. Ku Mozambique yunivesite yaikulu ya ku Maputo idatchedwa Eduardo Mondlane mu 1976. Mondlane, amene adaphedwa ndi bomba ku Dar es Salaam mu 1969, adali mphunzitsi wa pa yunivesite ku America asanatsogolere FRELIMO. Ku South Africa nkhani idayenda chobwerera: mu 2015 ophunzira a University of Cape Town adakakamiza akuluakulu kuchotsa chiboliboli cha Cecil Rhodes, ndipo mu 2018 holo yaikulu ya Jameson idasinthidwa kukhala Sarah Baartman Hall. Dzina limene m'badwo wina udaika mosakayika, m'badwo wina udalifunsa mafunso.

Mphamvu yotcha dzina ili m'manja osiyanasiyana. Nyumba ya m'kati mwa yunivesite kawirikawiri imatchedwa ndi khonsolo ya yunivesiteyo, pambuyo poti aphunzitsi kapena ophunzira akale apereka maganizo. Misewu ya m'mizinda ili pansi pa makhonsolo a mizinda. Koma zinthu zikuluzikulu za boma zakhala zikulengezedwa ndi mtsogoleri wa dziko, nthawi zambiri pa tsiku lotsegulira, anthu nkumva dzina koyamba pamene nsalu ikuchotsedwa pachikwangwani. Njira imeneyi ndi yachangu koma yabala mikangano. Mu 2006 msewu wa Midima wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje utatchedwa Robert Mugabe, mabungwe omenyera ufulu wa anthu adatsutsa, ndipo chikwangwani chake chidaonongedwa. Chaka chotsatira msewu wina wa mu Lilongwe udatchedwa Paul Kagame. Mu 2018 anthu a ku Blantyre adapita kukhoti kukaimitsa ntchito yomanga chiboliboli cha Mahatma Gandhi, ponena za mawu amene iye adalemba okhudza anthu akuda ali ku South Africa. Pa nkhani zotere funso limakhala lakuti kodi eni malo adafunsidwa. Kumudzi munthu satcha mwana wa mnzake dzina popanda kukhala pansi ndi eni mbumba, ndipo nyumba ya boma eni mbumba ake ndi okhoma msonkho.

Kudikira kuti munthu amwalire, ndiponso kuti papite nthawi, kuli ndi nzeru yake. Wamoyo angathe kuchita china mawa chimene chingachititse manyazi nyumba yonyamula dzina lake, ndipo wokhala pampando akhoza kulandira ulemu chifukwa cha mantha kapena kufuna kukondweretsa bwana. Pamaliro napo si pamalo oyezera munthu, pakuti pamenepo aliyense amanena zabwino zokha. Zaka zingapo zikadutsa, misozi itauma ndipo olowa m'malo atasinthana, ntchito imene yatsala ndiyo imalankhula. Padzakhalabe funso la amene dzina limodzi limawaphimba. Mutu umodzi susenza denga: koleji imamangidwa ndi aphunzitsi, osunga mabuku, alembi, ophika ndi osesa, ndipo amayi amene adaphunzitsa anamwino a dziko lino kwa zaka makumi anayi sapezeka kawirikawiri pazikwangwani. Lilongwe ili ndi zitsanzo zosonyeza kuti ulemuwu ungafike kwa ena osakhala atsogoleri a dziko. Nyumba ya masewero ya ku Area 48 idatchedwa Griffin Saenda, malemu mphunzitsi wa timu ya dziko ya mpira wamanja. Gawo la amayi oyembekezera pa Kamuzu Central Hospital lili ndi dzina la Ethel Mutharika, mkazi wa Bingu, amene adamwalira mu 2007. 

Dzina likaikidwa limabwera ndi ngongole ya chisamaliro. Kamuzu Stadium idafika poti mbali zina zokhalapo anthu zidatsekedwa poopa kuti zingagwe, ndipo timu ya dziko yakhala ikuletsedwa kuseweramo masewero ena aakulu. Denga lodontha, chimbudzi chotsekeka ndi mawindo osweka sizilemekeza malemu, ngakhale zilembo za pachipata zitakhala zamkuwa. Pa nyumba ya yunivesite ngongoleyi imakula, chifukwa nyumba ya mabuku yotchedwa dzina la katswiri iyenera kukhala ndi mabuku, magetsi ndi intaneti. Mbiri ya mwini dzina iyeneranso kulembedwa poonekera, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti wolowa adziwe kuti munthuyo adali yani, adabadwa liti, adachita chiyani. Anthu ambiri a ku Kawale ndi Chilinde amayenda mu msewu wa Chidzanja m'mawa ndi madzulo osadziwa kuti Richard Chidzanja Nkhoma adali nduna m'boma la Dr Banda.

Chomaliza kuweruza dzina ndi pakamwa pa anthu wamba. Boma limalemba, koma anthu amafupikitsa, amasintha, mwinanso amakana. Chipatala chimene chidasintha dzina kawiri chija, odwala ndi owadikirira akhala akuchitcha "ku Sentulo" m'maboma onse. Queen Elizabeth Central Hospital ndi "ku Kwinzi". Chancellor College idachoka m'malamulo mu 2021 koma ophunzira akadali "a ku Chanco", ndipo a ku Blantyre akadali "a ku Poly". Mayina ena atsopano adagwira msanga chifukwa anthu ankawafuna: Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald idakhala Nsanje, Fort Manning idakhala Mchinji, ndipo palibe amene amabwereranso ku mayina akalewo. Ena adakanirira ngakhale chiyambi chake chidali chonyoza. Chipatala cha Bwaila, kumene amayi ambiri a ku Chilinde, kwa Biwi ndi kwa Chinsapo amakachirira, pa nthawi ya atsamunda chinkatchedwa Bottom Hospital, kusiyanitsa ndi Top Hospital ya azungu, ndipo mpaka lero alipo achikulire amene amauza wa kabaza kuti awasiye "pa Botomu". Ku Area 23 dzina la Don Bosco, wansembe wa ku Italy amene adamwalira mu 1888 atathera moyo wake pophunzitsa anyamata osauka ntchito zamanja, lidatuluka pachipata cha tchalitchi ndi sukulu ya ntchito zamanja nkukhala dzina la siteji ndi dera lonse lozungulira.